Mtembo wa Atsibweni pa Chipata cha Cassacatiza

Ana anga, mwakhala mukundiumiriza kuti ndilembe za ntchito yanga ya m'boma, ati popeza ndikamakamba pakamwa nkhani zake zimasintha tsiku ndi tsiku. Chabwino, ndalemba. Za ubwana wanga ku Mualadzi ndazilumpha chifukwa mulibe chachilendo, ndi mbuzi, mphere ndi sikola ya amishoni basi. Ndiyambira pamene ndidavala kabudula wa kaki.

1951, ku Cassacatiza

Ntchito ndidaipeza chifukwa cha pakamwa. Padiri wa ku sikola kwathu adauza aboma kuti ali ndi mnyamata, dzina lake Bonifasiyo, amene Chipwitikizi sachita nacho chibwibwi. Posakhalitsa adanditumiza ku malire a Cassacatiza kukakhala lingwa, ndiye kuti womasulira. Ndidayenda wapansi, mphasa kumutu, ndikudziona kale nditakhala pampando mu ofesi yaikulu. Ndidapeza kanyumba ka zipinda ziwiri, mbendera yofwifwa, asupayi atatu amene adali apolisi athu, ndi mtengo wautali wopingasa msewu umene tinkautcha chipata. Mbali ino kudali kwa Apwitikizi, mbali inayo kwa Angerezi. Ndidayang'ana uku, ndidayang'ana uko: chimanga chomwecho, nkhokwe zomwezo, amayi akukalipira mbuzi m'chilankhulo chomwecho. Ndidafunsa msupayi wamkulu, a Juwawu, kuti malirewo ali pati kwenikweni. Adaloza chulu, kenaka adasintha n'kuloza mkuyu, pomaliza adati, "Iwe lingwa, zimenezo ukafunse ku Lizibowa, kwawo kwa Apwitikizi. Ife pano timangokweza mtengowu ndi kuutsitsa."

Mapepala adali amitundumitundu, ndipo ndidataya thukuta kuti ndiwazolowere. Mzungu wochokera kunja ankayenera kuonetsa pasapoti yokhala ndi vistu, chidindo chimene ankakachitenga kwa konsulo wa Apwitikizi ku tauni asananyamuke. Munthu wakuda wa mbali yathu ankayenda ndi kabuku kotchedwa kadeneta, ndipo akafuna kupita kutali ankapempha giya, kalata ya ulendo. Wa mbali ya Angerezi adali ndi chitupa. Chitupacho tsiku lina chinkakwanira, tsiku lina ayi, ndipo palibe adandiuzapo chifukwa chake. Amwenye a masitolo ndiye tinkangoyang'anizana, pakuti wina ankabwera ndi pasapoti ya Angerezi, mbale wake wa mimba imodzi n'kubwera ndi ya Apwitikizi.

Shefi wathu woyamba, mkulu wa pachipatapo, adali mzungu wonenepa, waulesi, wosapsa mtima. Anthu adamutcha Mphankhanga chifukwa m'mawa uliwonse ankalowa m'thengo ndi mfuti. Malamulo onse aja iye adawafupikitsa motere: "Bonifasiyo, wobwera ndi khasu si mlendo, mulowetse. Wobwera ndi bokosi ndiye mlendo, undiitane." Zidayenda bwino kufikira tsiku limene kudatulukira bambo wina atasenza bokosi kumutu, khasu paphewa. Ndidathamangira kwa shefi. Adamuyang'ana munthuyo nthawi yaitali, adakanda chimimba chake, n'kunena kuti, "Alowe ndi khasulo. Bokosilo alilambalalitse kuseri kwa nyumba, ndisalione."

Zosowa ndiye zidali zosatha. Mapepala ankatha, parafini ankatha, mchere ukatha tinkapempha kwa omwe tikuwafunsa zitupawo. Nyengo ina inki ya kalimbo, chidindo chathu cha pa ofesi, idauma gwaa. Kudafika mzungu wogula fodya, mapepala ake onse ali bwinobwino, koma sitikanamulowetsa popanda kudinda. Adagona m'galimoto mwake akutitukwana m'Chingerezi chimene mwamwayi palibe ankachimva. Pomaliza a Juwawu adapala mwaye kukhitchini, adausakaniza ndi mafuta a nsatsi, ndipo tidadinda. Tidamva pambuyo pake kuti ku Tete adamutsekera m'chipinda tsiku lathunthu pomuganizira kuti adadzidindira yekha.

1953 mpaka 1955

Angerezi atalumikiza maiko awo atatu m'Chitaganya, ife a pachipata ndiye tidabalalika mitu. Makalata ochokera ku Tete ankabwera pa kamiyawu, galimoto ya katundu, nthawi zina awiri pamodzi, ina ikufafaniza inzake, ndipo sitinkadziwa kuti yoyamba kulembedwa ndi iti. Ina idati anthu a maiko atatuwo awerengedwe ngati a dziko limodzi. Ina idati ayi, aliyense afunsidwe kumene adabadwira. Tangoganizani kufunsa nkhalamba ya kuno dziko limene idabadwira. Idzakuuza dzina la mtsinje, dzina la amake, ndi chaka cha dzombe. Ine ndinkatenga yankho lotero n'kulisandutsa Chipwitikizi, shefi n'kulisandutsa dziko, ndipo madzulo tonse tinkamwa tiyi osadziwa ngati talemba zoona.

Apa ndiyenera kukuuzani za atsibweni anga, a Tsilizani, mlongo wa amayi anga. Ndiwo adali mwini mbumba yathu, ndiwonso adagulitsa mbuzi kuti ine ndivale popita ku sikola, ngakhale eniakewo tchalitchi sadachipondepo. Adali mkulu wa kudambwe, munthu woti gule wamkulu satuluka iwo asanalole. Mudzi wawo poyamba udali mbali yathu, pafupi ndi Cassacatiza pomwepo. Chibalo chitavuta, amuna akugwidwa kukakumba misewu popanda malipiro, atsibweni adasamutsa theka la mudzi n'kukamanga tsidya la kamtsinje, kwa Angerezi. Kumeneko adakwatira aNaphiri, mayi wobadwira konko. Amayi anga adakana kusamuka, ati sangasiye manda a amawo opanda wosesa. Choncho nyumba zidaoloka, manda adatsala. Munthu akamwalira tsidya lija ankamunyamula kudzamuika kuno, ndipo Mphankhanga akamva ng'oma za maliro ankangotenga mfuti yake n'kukayang'ana nkhanga.

Atsibweni ankadutsa pachipata popita kukaona mlongo wawo, ndipo sankalephera kundiseka. "Mphwanga," ankatero, "lero ndine wa kuti? Tandiyang'anire m'buku lakolo, mwina usiku andisintha." Ndinkaseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa chifukwa yankho lenileni ndidalibe. Tsiku lina ndidawapempha kuti akatenge chitupa cha Angerezi kuti zinthu zikadzasintha asadzavutike. Adandiyankha kuti, "Ndikapemphe chilolezo kwa mzungu chokaonera mlongo wanga? Kodi ankayamwa nafe?"

1956

Mphankhanga adadwala malungo a mkodzo wakuda ndipo adamutengera ku Tete pa kamiyawu. M'malo mwake mudabwera mnyamata woonda, wa mandala, wongotsika kumene m'sitima. Mawu oyamba a Chinyanja amene adaphunzira adali oti "bwererani", ndipo lidasanduka dzina lake. Musaganize kuti a Bwererani adali munthu wankhanza. Mbalamatodya, chithabwa chomenyera m'manja chija, adachitsekera m'kabati ndipo sadachitulutsepo. Koma adali wamantha. Ankaopa akuluakulu a ku Tete monga mwana aopera bambo womupeza, ndipo chitetezo chake chidali buku la malamulo limene ankayenda nalo kukhwapa ngakhale popita kuthengo.

Adalamula kuti aliyense wochokera kwa Angerezi, wa khasu kaya wa bokosi, adutse pachipata, aonetse nkhope ndi chitupa, ndiponso kalata ya boma la kwawo yonena chimene akudzachita ndi tsiku limene adzatuluke. Adaika asupayi m'tinjira ta m'thengo. Ndidayesa kumufotokozera kuti pali anthu ogona uko koma olima kuno, ena mkazi ali kuno nkhokwe ili uko. Adavula mandala, adawapukuta, adati, "Ndiye kuti ndi a kuti?" Ndidati sindidziwa, sinyoro. Adati, "Nanenso sindidziwa. N'chifukwa chake pali buku." Anthu adayamba kundilambalala kumowa, ana ankandiitana kuti kaBwererani kakang'ono. Ndinkadzitonthoza kuti wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima, koma kunena zoona ndinkachita manyazi.

1957, m'dzinja

Uthenga udandipeza madzulo ndikutsitsa mbendera: atsibweni atisiya. Adadwala chibayo masiku ochepa. Ndidapempha shefi kuti ndikagone kusiwa, koma adati ndidikire mpaka mawa masana popeza kudali kamiyawu ya azungu yoyembekezeka m'mawa. Mvula idali itagwa sabata yonse. Kamtsinje kaja kadasefukira, ndipo pooloka padatsala pamodzi pokha, pa mlatho wa msewu waukulu, moyang'anizana ndi chipata chathu. Ine nkhani ya mlathoyo sindidaiganizire. Mutu wanga udali pa atsibweni.

Dzuwa litakwera tidamva ng'oma. Kenaka adatulukira pa mlatho. Kutsogolo kudali zilombo za gule, matupi ofiira ndi dothi, nthenga kumutu, zikuthamanga uku ndi uku. Pambuyo pake adzukulu, anthu osakhala achibale amene amanyamula ndi kuika maliro, atasenza chithatha pamapewa, atsibweni ali m'mphasa pamwamba pake. Kumbuyo kwenikweni kudali amayi akuimba, aNaphiri ali pakati atagwiriziridwa uku ndi uku. Chipata chidali chotsitsa. A Juwawu adandiyang'ana, ine ndidayang'ana pansi, ndipo shefi adatuluka buku lili kukhwapa.

"Afunse akupita kuti," adatero.

Amene adayankha adali a Gomile, nkhalamba imene idakula ndi atsibweni. "Tikupita kwathu."

"Kwawo n'kuti?"

"Kumanda. Ali apo, paseri pa misuku iyo. Akuoneka."

Shefi adatsegula buku. Adati aliyense aonetse chitupa ndi kalata ya boma la Angerezi. Palibe adali ndi kalata. Boma lawo lidali ulendo wa masiku, ndipo mtembo sudikira kalata m'dzinja. A Gomile adati, "Muuze kuti ambirife tidabadwira mbali yakeyo." Mawu amenewo ndidawameza, sindidawamasulire. Ndidawanong'oneza a Gomile kuti, "Agogo, mukanena zimenezo akulembani kuti ndinu othawa chibalo, ndipo amuna onsewa sabwerera." Adandiyang'ana kukamwa kuli yasa. "Ndiye tikati ndife a uko, sitilowa. Tikati ndife a kuno, sitituluka?" Ndidati ndi momwemo.

Kenaka shefi adaloza zilombo. "Ndipo awo avule zakumasozo, ndione nkhope zawo."

Ana anga, ine kudambwe sindidapiteko, ndidakulira kwa apadiri, ndipo za kumeneko si zolemba m'buku. Koma ngakhale mwana wa katekisimu amadziwa kuti chilombo sichivulidwa, makamaka pamaso pa akazi. Ndidati, "Sinyoro, zimenezo sizitheka. Mukangokhudza chimodzi, pano pagwa anthu." Adafunsa ngati ndikumuopseza. Ndidati ayi, ndikumuuza monga munthu wodya naye mchere. Adabwerera m'buku, adatembenuza masamba kupita kutsogolo, kubwereranso m'mbuyo, thukuta likudontha pa mandala. Nthawi yonseyi adzukulu adali chiimire, akusinthana mapewa, pakuti chithatha chikanyamuka sachitula panjira.

"Wakufayo adabadwira kuti?" adafunsa pomaliza.

"Kuno, sinyoro. Ndi mlongo wa amayi anga."

Adandiyang'ana modzidzimuka, pakuti sadadziwe kuti maliro amene ndidapempha dzulo ndi omwewa. Adayankhula motsitsa mawu. "Ngati adabadwira kuno ndi wathu, akubwerera kwawo, safunika kalata. Iye alowe. Koma enawa sindingathe, Bonifasiyo. Ku Tete akamva kuti ndalowetsa khamu la anthu obisa nkhope, andithamangitsa ngati galu."

Ndidamasulira. Amayi aja adasiya kuimba. A Gomile adagwira mtengo wa chipata ndi manja awiri n'kunena kuti, "Munthu ngati uyu sapita yekha. Zilombozi ndizo zimuperekeza kwa makolo ake. Zikatsala, mzimu wake utsalanso panjira, sudziwa kolowera. Kuli bwino tibwerere naye, tikayambe manda atsopano m'munda mwake, gule amuvinire mokwanira."

Asanatseke pakamwa kudafika amuna anayi kuchokera mbali yathu, matope mpaka m'maondo. Adali adzukulu a kuno amene adakumba manda mbandakucha. Wamkulu wawo adandiuza kuti, "Mayi anu atituma. Akuti dzenje layamba kulowa madzi, mlongo wawo akuchedwa kuti? Akuti pamalo tawakonzera pafupi ndi amawo." Wina adaonjeza kuti maliro akabwerera, m'dzenjemo tiikamo thunthu la nthochi, pakuti manda okumba sagona opanda kanthu.

Apo a Gomile adanditembenukira. "Mwini mbumba ndi uyu wagona apayu. Wotsatira ndiwe, mwana wa mlongo wake. Ife ndife ongoperekeza. Nena."

Ndidafuna nthaka itang'ambika. Ndikawalowetsa, agona pafupi ndi amawo koma apita ngati mwana wakhanda, popanda ng'oma, popanda mkazi wawo. Ndikawabweza, gule awavinira, koma agona okha m'munda wa chimanga m'dziko la eni, amayi anga n'kulira thunthu la nthochi. Ndidayesa kuganiza chimene eniakewo akadasankha, koma munthu yemweyo ndiye adasamuka, yemweyonso ndiye ankanyamula akufa onse kuwabweza kuno. Za kwa apadiri sizidandithandize, pakuti iwo akadati gule ndi zachikunja, pomwe atsibweni sadali munthu wawo. Ndidayang'ana shefi, adathawitsa maso. Ndidayang'ana aNaphiri, adali atagwada m'matope akundiyang'ana, osalira n'komwe. Mmodzi wa onyamula adadandaula kuti phewa latha.

"Alowe," ndidatero. Mawuwo adatuluka aang'ono ngati si anga.

A Juwawu adakweza mtengo. Adzukulu a tsidya adafika pamzere, a kuno adalowetsa mapewa, chithatha chidasintha anthu chisanakhudze pansi, ndipo mtengo udatsikanso. Ng'oma idaleka pakati pa nyimbo. Zilombo zidaima kanthawi, kenaka zidatembenuka n'kulowa m'chimanga osavina. A Gomile adangoti, "Wanena ndiwe," n'kutembenuka nawonso. ANaphiri adakwawa mpaka pachipata n'kugwira mwendo wanga pansi pa mtengowo. "Bonifasiyo, ine ndidzameta bwanji tsitsi chifukwa cha munthu amene sindinaone pogona pake? Ndakutsukira mbale zaka zonsezi, lero ndasanduka mlendo?" Amayi anzawo adachita kuwamatula zala. Shefi adali atavula chipewa. Adandiuza kuti ndipite, ndisabwerenso mpaka nditamaliza zonse. Mpaka lero sindidziwa ngati ndimuthokoze munthu uja kapena ndimutemberere.

Tidayenda asanu okha ndi mtembo, kanjira koterera, osaimba, osayankhula. Kunkangomveka matope kumapazi ndi kulira kwa nsungwi za chithatha. M'moyo wanga wonse ndidali ndisanaonepo maliro a munthu wamkulu akuyenda mwakachetechete chotero, ndipo anthu amene tidakumana nawo panjira ankapatuka mochedwa chifukwa sadadziwe kuti kukubwera chiyani.

Amayi anga adali atakhala pansi pa msuku, pakhomo pa manda, pamodzi ndi abale ochepa amene adatsala mbali ino. Atationa adaimirira. Adayang'ana chithatha, adayang'ana njira kumbuyo kwathu, adapendeketsa mutu kutchera khutu. Adadikira. Kudalibe ng'oma, kudalibe mfuu ya chilombo, kudalibe mlamu wawo. Ndidayamba kufotokoza za kalata, za buku, za nkhope, za mantha a shefi, mawu akungogundana m'kamwa. Adandileketsa ndi dzanja.

"Bonifasiyo," adatero, "mphasayi ndaiona. Nanga mlongo wanga wamusiya kuti?"

Adzukulu adaima pamphepete pa dzenje, chithatha chili pamapewa, kudikira kuti ndiwayankhe amayi kaye. Adadikira mpaka mvula idayambanso kuwaza, ndipo adawatsitsa atsibweni.